Yankho kwa amalume pa mawu aja a pa mpira

Amalume, mwaswera bwanji? Funso lanu ndaliona pagulupu, ndiye ndati ndingojambula mawu, kulemba kunditalikira. Mwati owulutsa mpira dzulo amangobwereza kuti timu ili "under the coach", ndiye mukufunsa ngati amatanthauza kuti osewera akumvera kochi wawo. Ayi amalume, kochi mulibemo m'menemo. Mawu ake ndi "under the cosh", c-o-s-h, kumapetoko kumamveka kuti shh.

Cosh ndi kachibonga kakafupi koma kolemera, kamene achifwamba a kuno ku Britain ankamenyera anthu m'mutu. Akati timu ili under the cosh, ndiye kuti yapanikizidwa koopsa, mpira ukungoseweredwa kugolo kwake, anyamata akungotchinga, mpata wopumira palibe. Koma apa mundimvetse bwino, chifukwa ambiri amasokonezera pomwepa: sizitanthauza kuti yagonja. Mukuikumbukira Chelsea ku Barcelona mu 2012, semifainolo ya Champions League ija? John Terry atapatsidwa khadi yofiira a Chelsea anatsala anthu 10, ndipo chigawo chachiwiri chonse anangounjikana kumbuyo, Barcelona ikungobwera, ikungobwera. Messi mpaka anaphonya penate. Eya, kumeneko ndiye kukhala under the cosh. Komatu Torres anachinya kumapeto, zinathera 2-2, Chelsea n'kupita kufainolo.

Kunja kwa mpira amawanenanso. Bizinesi angongole akaiyimira pakhomo, kapena nduna atolankhani akamaipanikiza ndi mafunso tsiku ndi tsiku, mawuwa amakhoza. Chachikulu n'chakuti pakhale wina kapena chinthu chimene chikukufinyani. Ngati ntchito yangokuchulukirani basi, kuno amati "snowed under". Aku America cosh sakonda kumutchula, iwo amati "under the gun", makamaka nthawi ikamakutherani.

Chimodzi chokha ndikupempheni amalume, poti ndikudziwa kuti mawu atsopano mukawamva mumafuna kuwayesa. Awa a "under the cosh" musawalembe m'kalata ya kuntchito. Ndi mawu a pamacheza, pa mpira ndi m'nyuzipepala, ndipo abwana anu kumeneko mwina sawamva n'komwe, angoganiza kuti mwalakwitsa kalembedwe. Kwa iwo lembani "under pressure", aliyense amva. Ndipo mukamawanena pocheza, "the" uja musamusiye, "under cosh" sizimveka.

Mundiperekere moni kwa onse kunyumbako.