Tifunseni: Mkhristu akatera ku India

FUNSO: Mwezi wamawa ndikuperekeza mchemwali wanga kuchipatala ku Chennai, ku India, monga wodwazika matenda. Anthu akundiopseza kuti uko n'kwa mafano okhaokha. Ndikakumana ndi zotani, nanga Lamulungu ndikapemphera kuti? Mayi wa Mvano, Dedza.

YANKHO: Mayi, chokulonjerani choyamba mukangotuluka pabwalo la ndege ndi chifundizi ndi mahutala a galimoto. Zachipembedzo muziona mukakhala pansi mu takisi. Patsogolo pa dalaivala pamakhala kachifaniziro ka munthu wamutu wa njovu, katavekedwa nkhata ya maluwa. Ameneyo ndi Ganesha, yemwe Ahindu amati amachotsa zopinga panjira. Kunja kwa galimoto mwina mudzaona ndimu ndi tsabola wamuwisi zitatungidwa paulusi, zoti zithamangitse tsoka. M'mamawa amayi amasesa pakhomo, n'kuwaza madzi, n'kulembapo timizere tokongola ndi ufa woyera wa mpunga. Amati kolam. Musanjenjemere poganiza kuti wina watchera mankhwala, koma musapondepo dala. Chizindikiro cha swastika, chooneka ngati mtanda wopindika nsonga, chomwe chili pazitseko sichikhudzana ndi Hitler. Kwa eni dziko chimatanthauza mwayi, ndipo n'chakale kwambiri kuposa iyeyo.

Kalembera wa 2011 adapeza kuti pa anthu 100 alionse, pafupifupi 80 ndi Ahindu ndipo Akhristu amangopitirira awiri pang'ono. Koma awiriwo m'dziko lalikulu chonchija ndi anthu pafupifupi 28 miliyoni, kuposa Amalawi tonse. Akhristu a kumeneko amati mtumwi Tomasi adafika m'chigawo cha Kerala m'chaka cha 52, ndipo tchalitchi cha Katolika cha San Thome, mumzinda momwe mukupitamo, chidamangidwa pamalo amene amati ndi manda ake.

Inu a CCAP funsani Church of South India. Mpingowu udabadwa mu 1947 pamene a Anglican, a Methodist, a Presbyterian ndi a Congregational adaphatikizana, ndipo mwambowo udachitikira ku St George's Cathedral, ku Chennai komweko. Loweruka funsiranitu nthawi ya mapemphero a Chingerezi, chifukwa mukangodzuka n'kupita mukapeza a Chitamil, chilankhulo cha kumeneko, n'kukhala maola awiri mukungomva "Amen" yekha. M'matchalitchi ambiri nsapato zimatsala pakhomo ndipo amayi amafunda kumutu, choncho duku lanu lisatsale.

FUNSO: Mwana wanga ali pasukulu ku India. Akuti mayi amene amamuchititsa lendi amamupatsa zotsekemera zochokera kukachisi. Adye kapena akane? Bambo wa ku Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Bambo, chakudyacho amachitcha prasad. Chimayamba chaperekedwa kwa mulungu wawo kenako n'kugawidwa kwa anthu ngati dalitso. Nthawi zambiri chimakhala nthochi, kokonati kapena timibulu totsekemera ta laddu. Mayiyo sakumuyesa mwana wanu, akumugawira chimene iye amachiona chamtengo wapatali.

Pa 1 Akorinto 10:25-28, Paulo akulola kudya zogulidwa pamsika ndi zimene mwakonzeredwa kunyumba ya munthu popanda kufunsafunsa, koma akuti wina akakuuzani kuti ichi n'cha nsembe, musadye. Ife tikuona kuti prasad ikugwera pa za nsembezo, ngakhale Akhristu ena a ku India komweko amalandira pofuna kusunga chinansi. Zimenezo akambirane ndi abusa ake.

Pomwe anthu amalakwitsa ndi pa kakanidwe. Ambiri amachita manyazi, amalandira, kenako mwininyumba amakachipeza m'bini. Kumeneko n'kutukwana, ndipo ubale umathera pomwepo. Ngati sadya, akane chisanafike m'manja: aphatikize manja pachifuwa, awerame pang'ono, athokoze, anene kuti chikhulupiriro chake sichimulola. Amwenye ndi anthu oti aliyense ali ndi zake zosala, wina nyama, wina mazira, wina mpaka anyezi, kotero mawu amenewa amawamva msanga. Chimodzimodzi ndi kadontho kofiira ka tilak kamene amapaka mlendo pamphumi: akanenetu chala chisanafike. Ngati walandira kanthu kalikonse, alandire ndi dzanja lamanja.

Pa zogula m'sitolo ayang'ane pa paketi. Kadontho kobiriwira m'kabokosi ndiye kuti mulibe nyama, chizindikiro chofiirira ndiye kuti muli nyama kapena mazira. Nyama ya ng'ombe asamaifunse pena paliponse. Ku Kerala amadya poyera, koma ku Gujarat wopha ng'ombe akhoza kukhala m'ndende moyo wake wonse. Ndipo asalowe ndi nyama m'khitchini ya mwininyumba asanapemphe, anthu amasamutsidwa chifukwa cha zomwezi.

FUNSO: Ndingatenge timapepala ta uthenga kuti ndikagawe? Nanga kulowa m'kachisi kukaona chabe n'kololedwa? Mlaliki wa ku Ndirande.

YANKHO: Abambo, timapepalato tisiyeni kuno. Viza ya mlendo, ya wodwala kapena ya wodwazika silola ntchito yolalikira, ndipo ogwidwa amabwezedwa kwawo n'kuletsedwa kudzalowanso. Zigawo zingapo zilinso ndi malamulo okhudza kutembenuza anthu, monga Odisha kuyambira 1967 ndi Uttar Pradesh kuyambira 2021. Inu mukakwera ndege n'kubwerera, otsala ndi mlandu ndi abusa amene adakulandirani. Baibulo lanu tengani, kutchalitchi pitani, wokufunsani za chikhulupiriro chanu muyankheni.

Za kachisi, ambiri amalola alendo pabwalo. Vulani nsapato pachipata pomwe pali wozisunga, valani zobisa mapewa ndi mawondo, ndipo yendani mozungulira malo opatulikawo ali kudzanja lanu lamanja. Musajambule musanafunse. Ku kachisi wa Kapaleeshwarar, kufupi ndi San Thome, amene si Mhindu amalekezera panja pa chipinda chamkati, pomwe ku kachisi wa Jagannath mumzinda wa Puri ndi ku kachisi wa ku Guruvayur salowa n'komwe. Pitani m'mamawa kapena madzulo, poti masana akachisi ambiri a kummwera amatseka, ndipo miyala ya pabwalo imaotcha mapazi ngati chiwaya.