Mipando 103 mwa 200, boma n'kugawanabe?

Owerenga wina wanditumizira imelo. Akufunsa kuti zinatheka bwanji kuti chipani cha Social Democratic ku Finland chipeze mipando 103 mwa 200 m'nyumba ya malamulo mu 1916, koma chaka chotsatira n'kugawana boma ndi adani ake. Achimwene, funso lanuli landifika pamtima, choncho mundilole ndiyambe ndi zanga.

Ndinakhalapo mlembi wa komiti ya makolo pasukulu ina. Makolo anatisankha pokweza manja, ife n'kumakumana pansi pa mtengo, kukangana za zimbudzi za atsikana ndi malipiro a mlonda, mpaka kugwirizana. Ndikalemba bwinobwino, pepalalo linkapita kwa eni sukulu n'kukagona m'kabati. Tikadandaula, ankati komitiyi yatha, makolo asankhenso ena. Amasankhanso ife tomwe! M'kupita kwa nthawi tinasiya kumverana. Ulolerane naye bwanji mnzako, pomwe zimene mugwirizanezo sizipita kulikonse? Aliyense ankangoyankhula kuti a kumudzi kwawo amuombere m'manja. Mayi wina wodekha kwambiri, amene poyamba ankatiyanjanitsa, ndi amene anadzakhala wolusa kuposa tonse.

Finland inali choncho pansi pa mfumu ya Russia, Nicholas II. Sitiraka yaikulu ya 1905 itamugwedeza, analola nyumba ya malamulo ya mipando 200, ndipo wazaka 24 kupita m'tsogolo ankavota, amayi omwe. Pachisankho cha 1907 a Social Democratic anapeza 80, Finnish Party 59, Young Finns 26, chipani cha oyankhula Chiswidishi 24, cha alimi 9. Amayi 19 analowa, mmodzi mwa iwo Miina Sillanpää, yemwe anagwirapo ntchito ya m'nyumba.

Anthu amakonda kuthera pamenepa, n'kumayamikira kuti Finland inatsogola ku Ulaya konse. Ine zimandinyansa pang'ono. Nduna, zimene iwo ankati Senate, zinkaikidwa ndi mfumu, ndipo aphungu sakanatha kuzichotsa. Aphungu anavomereza lamulo loletsa mowa mu 1907, mfumu osasaina. Akaikwiyitsa, inkangothetsa nyumbayo, moti anthu anavotanso mu 1908, 1909, 1910 ndi 1911. Osankhidwa mu 1916 aja sanaitanidwe n'komwe mpaka mfumu itagwa. Zaka khumi zathunthu zipani zikuphunzira kukuwa, popanda chimodzi chophunzira kulamula limodzi ndi chinzake. Ndinene mosabisa: kupatsa anthu voti n'kuwamana mphamvu kumaononga mitima kuposa kuwamaniratu.

Tsono yankho lanu

Mipando yambiri sinkapereka boma. Mu March 1917 mfumu itagwa, olamulira atsopano ku Petrograd, likulu la Russia panthawiyo, ndi amene anavomereza Senate yotsogoleredwa ndi Oskari Tokoi wa Social Democratic, nduna 6 za Social Democratic ndi 6 za zipani zina. Chakudya chinali chikusowa, ndipo ambiri m'chipani cha Social Democratic ankaona kuti kukhala m'boma dziko likadali m'manja mwa eni chuma n'kugulitsa antchito, choncho sanafune kusenza okha mtolowo.

Mgwirizanowo sunachedwe kusweka. Mu July aphungu anavomereza lamulo lotengera mphamvu zambiri kunyumba ya malamulo. Boma la Russia, lotsogoleredwa ndi Kerensky, linaithetsa nyumbayo, nduna za zipani zina zija n'kuvomereza. Pachisankho cha October a Social Democratic anatsikira pa 92, ndipo anakhulupirira kuti awachita chiwembu. P. E. Svinhufvud anapanga boma lopanda iwo, ufulu wodzilamulira wa Finland unalengezedwa pa 6 December, ndipo mu January 1918 nkhondo yapachiweniweni inabuka, n'kupha anthu oposa 30,000. A Social Democratic sanakhalenso m'boma limodzi ndi chipani cha alimi mpaka 1937, pansi pa nduna yaikulu A. K. Cajander.