Mtsogoleri wa pulojekiti yoteteza nsomba ku Cape Maclear: mayeso ake akachitikire padoko

Mayi wina wa bungwe lomwe si la boma watumiza imelo. Apeza ndalama zogwirira ntchito yoteteza malo oswerana nsomba ku Lake Malawi National Park kwa zaka zitatu, ndiye akufunsa kuti: "Tilembe munthu wotani woti atsogolere ntchitoyi? Digiri ya zansomba ndi yokwanira?"

Mayi, digiriyo ikufunika, koma yambani mwaona malowo. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 UNESCO inaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tam'miyala tija. Malire ake amalowa m'madzi mamita 100 kuchokera pagombe, kuzunguliranso zilumba monga Thumbi, Domwe ndi Mumbo, ndipo m'menemo kupha nsomba n'koletsedwa. Komatu m'madzi mulibe mpanda, ndipo anthu a ku Chembe, Msaka ndi Mvunguti amadalira nyanja yomweyo. Choncho munthu wanuyo nthawi yake yambiri idzathera pokambirana ndi mafumu, eni zilimira, alovi (antchito okoka maukonde m'mabwato) ndi makomiti a m'midzi oyang'anira usodzi padoko, otchedwa BVC. Lembani pachilengezo kuti azidzakhala komweko. Woyendetsa ntchito ali ku Lilongwe amamva nkhani zinthu zitaonongeka kale.

Mukasankha atatu pamakalata, atengereni kunyanja. Aliyense mumpatse theka la ola padoko m'mawa, mabwato a usipa akufika, inu muime chapatali. Onani ngati wayamba n'kulonjera akuluakulu a padokopo, ngati akutha kusiyanitsa chilimira, khoka ndi matchera, ndiponso ngati akumvetsera asodzi kapena wayamba kale kuwalangiza. Wodziwako Chiyao kapena Chitonga ali ndi mwayi, poti si onse kumeneko omwe Chichewa ndi chakwawo.

Kenako pepala ndi cholembera: awerengetse ndalama zolondera panyanja kwa mwezi umodzi. Wodziwa ntchito sangaiwale petulo ndi oilo wa injini, majekete oyandamitsa a aliyense wokwera, kukonzetsa injini, komanso masiku omwe bwato silingatuluke chifukwa cha mwera pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Amene wadzaza bajeti ndi maalawansi a misonkhano, samalani naye. Anthu akazolowera kubwera chifukwa cha envelopu, ndalama zikatha komitinso imatha.

Funso lina musalisiye: "Mwapeza neti ya udzudzu ikukokolola tiana ta nsomba m'malo oletsedwa, mutani?" Akayankha kuti ailanda yekha, walephera. Mphamvu zimenezo zili ndi asilikali a paki ndi akuluakulu a nthambi ya zausodzi, mogwirizana ndi BVC. Bungwe likadzitengera lamulo m'manja, mudzi wonse umalitembenukira, ndipo kubweza chikhulupiriro kumatenga zaka. Mufunseninso za ku chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, komwe Senior Chief Makanjira amatseka usodzi nyengo yamvula chaka ndi chaka anthu n'kumamvera. Akafotokoza bwino chifukwa chake kumeneko zimatheka, ameneyo wamvetsa udindo wa mafumu.

Pakuwerengera mbuna, asalephere kufotokoza njira yake: kuyala chingwe chautali wodziwika pamiyala, kusambira motsata chingwecho, n'kumabwereza pamalo omwewo nyengo yomweyo chaka chilichonse. Akamasinthasintha malo, manambala sangayerekezedwe ndipo opereka ndalama sadzawakhulupirira.

Imbirani foni komwe ankagwira kale, makamaka woyang'anira zachuma, mufunse ngati ankabweza malisiti panthawi yake. Mukamlemba, miyezi yoyeserera ntchito ilembedwe mukontrakiti, pamodzi ndi penshoni yomwe lamulo limafuna: olemba ntchito 10 peresenti, wantchito 5 peresenti.