ARC ndi yoyatsa, nanga chenjezo la "potential leak" likuchokera kuti?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti pulogalamu yake ya pa iPhone ikuyenda bwinobwino ndipo ARC (Automatic Reference Counting, njira yomwe imatisamalira memory yokha) ndi yoyatsa, koma akadina Analyze mu Xcode (pulogalamu ya Apple yolembera mapulogalamu), pamzere wa CGBitmapContextCreateImage pakutuluka mawu akuti "Potential leak of an object stored into 'image'". Akufunsa ngati angangolinyalanyaza.

Ayi achimwene, musatero. Chenjezoli likunena zoona: chithunzi chomwe mwapanga chikhoza kutsalira mu memory osachotsedwa.

Chinthu chilichonse chonga chithunzichi chimakhala ndi nambala yowerenga eni ake. Wina akachitenga nambala imakwera, akachisiya imatsika, ikafika pa 0 chimachotsedwa mu memory. Kale retain (kutenga) ndi release (kusiya) tinkalemba tokha. Mu 2011 Apple inabweretsa ARC pamodzi ndi Xcode 4.2, compiler n'kuyamba kutilembera. Koma apa ndi pomwe ambiri amapunthwa: mu Objective-C, ARC siikhudza zinthu za Core Foundation ndi Core Graphics, ma library a Apple komwe kumachokera ma function oyamba ndi CF ndi CG. CGImageRef wanuyo, chithunzi chomwe CGBitmapContextCreateImage yakupatsani, adakali m'manja mwanu.

Lamulo lake lili m'dzina. Function yokhala ndi Create kapena Copy imakupatsani chinthu kuti chikhale chanu, ndiye mukathana nacho mumachisiya ndi CFRelease, kapena CGImageRelease ngati ndi chithunzi. Yokhala ndi Get imangokubwerekani. Mukachita release chinthu chobwereka, mudzaona chenjezo lina loyamba ndi "Incorrect decrement of the reference count", ndipo limenelo ndimaliopa kwambiri chifukwa pulogalamu imatha kugwa pamalo ena akutali ndi pomwe munalakwitsa.

Mwina mukuti, "Koma release ndinalemba!" Dinani chenjezolo. Clang Static Analyzer, yomwe imagwira ntchito mukadina Analyze, siyendetsa pulogalamu, imangotsata njira zomwe code ingadutse, ndipo imakujambulirani mivi yabuluu kuyambira pomwe chithunzi chinapangidwa mpaka pomwe chinatayika. Tsatani miviyo modekha. Kawirikawiri release imakhaladi pansi, koma pakati pali if yokhala ndi return yomwe imatuluka msanga. Ine ndinakhalapo madzulo athunthu ndikukangana ndi chenjezo lotere, kenako muvi unandionetsa return yomwe ndinaiwala kuti ndinalemba ndekha.

Zoti pulogalamu ikuyenda zisakunyengeni. Chithunzi cha ma pixel 1000 m'litali ndi 1000 m'lifupi, pixel iliyonse ma byte 4, chimadya pafupifupi 4 MB. Chimodzi simungachimve. Koma munthu akamatsetsereka pa mndandanda, code imeneyo n'kuitanidwa ka 100, mwataya 400 MB, ndipo memory ikachepa iOS imangotseka pulogalamu yanu osafunsa.

Pa vuto lanu, mukapanga UIImage (chithunzi choonetsa pa sikirini) ndi imageWithCGImage, itanani CGImageRelease nthawi yomweyo. UIImage imagwira chithunzicho payokha, choncho sichisowa.

Chenjezo likatha musaganize kuti zonse zili bwino. Zinthu ziwiri zikagwirana, monga block (kachidutswa ka code kosungidwa) yogwira self (chinthu chomwe codeyo ili mkati mwake) pomwe self akugwiranso block, analyzer nthawi zambiri imakhala chete. Zimenezo muzifufuze ndi Memory Graph Debugger kapena Leaks ya mu Instruments, pulogalamu ikuyenda.