Yankho pa za supuni ya ku France yokhala ndi kamutu ka mkazi

Achemwali, mwafunsa ngati supuni yanu ya ku France ndi ya siliva ndiponso kuti inapangidwa liti. Ngati chidindo chake si chachinyengo, supuni yanuyo ndi ya siliva weniweni, ndipo inapangidwa mu 1838 kapena pambuyo pake. Kamutu ka mkazi wovala chisoti chankhondo kamene mwakaona pa chigwiriroko ndi ka Minerva, mulungu wamkazi wa Aroma akale. Ndi chidindo chimene boma la France linayamba kuika chaka chimenecho. Tengani galasi lokulitsa zinthu muyang'ane nambala ili pambali pake. Ikakhala 1, siliva wake ndi magawo 950 pa 1000. Ikakhala 2, ndi 800. Kuyambira 1973 nambala 1 inayamba kutanthauza 925, ndipo anawonjezerapo kachilembo kosonyeza nyengo imene anadinda.

Mukanapeza chidindo cha tambala (nkhuku yaimuna) m'malo mwa Minerva, tikanati ndi ya pakati pa 1798 ndi 1819. Mutu wa nkhalamba yandevu ndi wa 1819 mpaka 1838.

Minerva payekha sangakuuzeni chaka, chifukwa wakhalapo nthawi yaitali. Chothandiza ndi kachidindo kena kooneka ngati daimondi ya pa makadi, kokhala ndi zilembo zoyamba za dzina la mmisiri. Mukadziwa mmisiriyo, mwadziwanso zaka zimene ankagwira ntchito. Ine ndagwirapo masupuni ambiri amene chidindo cha wopanga chinali cha makona anayi ofanana, Minerva palibe. Amenewo ndi ongokutira siliva pamwamba, ndipo m'mphepete mothetheka mumaoneka chitsulo chachikasu.

Chonde musaikweche ndi phulusa kapena mchenga, zidindozi sizichedwa kufufutika. Madzi a sopo ndi kansalu kofewa basi.

Ngati mukufuna kugulitsa, yambani mwaionetsa kwa katswiri wa siliva wakale, poti zidindo zachinyengo ziliponso.