Tsitsi lowongola ndi mankhwala likungothera pachipeso, nditani?

Mayi wina wa ku Chibavi wanditumizira imelo. Akuti amapaka relaxer, mankhwala owongolera tsitsi aja, mwezi uliwonse, koma akangopesa chipeso chimadzaza tsitsi, ndipo kunkhongo kwayamba kuoneka khungu. Akufunsa mafuta oti agule.

Achemwali, ndalama ya mafutayo musunge kaye. Tolani tsitsi la pachipesolo, muliyale papepala loyera. Likakhala lalitali, lokhala ndi kamutu koyera kumapeto, ndiye kuti lathothoka lokha, ndipo tsitsi 50 mpaka 100 patsiku aliyense amataya. Koma mukaona tizidutswa tifupitifupi topanda kamutu, limenelo likuduka. Apa ine chala ndikuloza "mwezi uliwonse" wanuyo.

Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. Pakadanga kochepa chonchi, ngakhale wa kusaluni akhale katswiri, mankhwala amasefukirabe pa tsitsi lomwe linawongoledwa kale. Mankhwalawo si masewera: relaxer wa lye ndi sodium hydroxide, soda yemweyo wopangira sopo. Amadula timfundo tamkati mwa tsitsi, ndipo tikaduka sitibwereranso mwakale. Mukabwereza pamodzimodzi kawiri katatu, tsitsi limasanduka udzu wa mu Okutobala. Za m'bokosi zolembedwa no-lye zisakunamizeni kuti n'zofatsa, zimasiya calcium amene amaumitsa tsitsi.

Dikirani masabata 8 mpaka 12 musanachite retouch (kupakanso mankhwalawo), ndipo azipaka pa tsitsi lomera kumene basi. Lakalelo alimate Vaseline, ndi m'mbali mwa makutu momwe. Potsuka muumirire neutralising shampoo, shampu wothetsa mphamvu ya mankhwalawo. Ine kusaluni ina m'tauni muno ananditsuka ndi shampu wamba poti makasitomala anali pamzere, patatha sabata ziwiri kutsogoloku kunali ngati kwadya mbuzi. Ndipo kukayamba kuwotcha nenani, zija zoti "pirirani kuti ligwire" n'zimene zimasiya zilonda. Dayi ayi tsiku lomwelo, papite masabata awiri.

Pakati apo, pamene lomera kumene likukumana ndi lowongolalo ndi pamene pamadukira. Pesani ndi chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga, muli ndi kondishina m'mutu. Mafuta a nsatsi kapena a kokonati amangotsekera chinyezi chomwe chilipo kale, choncho pakani tsitsi lili lonyowa pang'ono.

Kuno ku Mzuzu tili ndi mdani winanso, chisanu cha Juni ndi Julayi. Chipewa chaubweya chija timavala pokwera kabaza m'mamawa chimakhula kunkhongo komweko mukudandaulako. Muzitsogoza kansalu ka satini mkati, ndipo pogona kalowe m'malo mwa duku la chitenje. Meshi yokoka mpaka nsidze kukwera, musalukitse mutangopaka mankhwala.

Ngati papepala paja mwapeza lokhala ndi timitu lochuluka zedi, nkhani yake ndi ina. Mukakhala kuti munabereka miyezi itatu kapena inayi yapitayo, zimatero ndipo limameranso. Apo ayi, kayezetseni magazi ku Mzuzu Central Hospital, chifukwa kuchepa kwa ayironi m'thupi nakonso kumathothola tsitsi.