Kabowo ka mamita awiri

Wowerenga wina wandilembera imelo sabata yatha. Akuti: "Achimwene, m'nkhani zopeka za sayansi olamulira ankhanza amakhala ndi zida zoopsa, koma amagwa ndi kanthu kachabechabe. Taonani Star Wars. Umenewu si ulesi wa olemba?"

Nthawi zina ndi ulesi ndithu, sindikana. Koma pa filimu ya 1977 mwatchulayi ndikutsutsani. Death Star, chida chachikulu cha ufumu wankhanza chotha kuphulitsa dziko lathunthu, chikuwonongeka chifukwa cha kabowo kotulutsira kutentha, ka mamita awiri okha. Ambiri amaseka pamenepa. Ine maso anga amakhala pa zimene zikuchitika chatsala pang'ono kuphulika. Msilikali wina akusendera kwa bwana wake Tarkin, kumuuza kuti aunika mmene adani akubwerera ndipo ngozi ilipo, mwina amukonzere chombo chothawira. Tarkin akumukalipira. Athawe bwanji pamene akupambana? Ngoziyo inadziwika ndithu, koma makutu a bwana anali atazolowera kumva "inde bwana" basi.

Filimu ya Rogue One ya 2016 inadzawonjezera mfundo imene imandigwira mtima kwambiri. Chilema chija chinaikidwa dala ndi Galen Erso, katswiri amene anamutenga mokakamiza atamuphera mkazi. Anawagwirira ntchito zaka zambiri mutu uli pansi, iwo n'kumati wagonja. Ufumu wonsewo sukanatha kumanga chida chake popanda manja a munthu amene unamuliritsa, ndipo zamumtima mwake unalibe njira yozionera.

M'buku la The Hunger Games la Suzanne Collins (2008) nkhani yake ndi yomweyi, kungoti chida ndi zipatso. Katniss ndi Peeta atsala awiri, awauza kuti aphane, iwo akutenga zipatso zapoizoni kuti afere limodzi dziko lonse likuonerera pa TV. Akuluakulu akuchita jenkha n'kulengeza kuti apambana onse awiri. Masewera oopsezera anthu aja ankafunika wopambana, ndiye ana awiri okana kusewera anawasokoneza.

Mwina munditsutsa ndi 1984 ya George Orwell, yomwe inatuluka mu 1949. Zoona, mmenemo palibe kabowo. Winston akuzunzidwa, akupereka bwenzi lake Julia, ndipo buku likutha iye akukonda Big Brother, mtsogoleri wa chipani cholamula. Nditaliwerenga koyamba tulo sitinabwere. Koma musalitseke msanga. Kumapeto kuli kankhani kofotokoza chinenero cha chipanicho, Newspeak, ndipo kakuchifotokoza ngati chinthu chakale, m'Chingerezi wamba chimene chipanicho chinkafuna kuthetsa. Margaret Atwood anaiona mfundo imeneyi, ndipo buku lake la The Handmaid's Tale la 1985 analitseka ndi msonkhano wa akatswiri a mbiri m'chaka cha 2195, akukambirana za Gilead, dziko lankhanza la m'bukumo, ngati dziko lomwe linatha kalekale, uku akuponyerana nthabwala.